Loweruka pabwalo la mivi: tsiku lokunga uta ndi stringer

Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuwotcha 7 koloko isanakwane, choncho mabokosi a mauta tinawaika pamthunzi. Kwabwera ophunzira atsopano 6, ndipo lero palibe amene waloledwa kugwira muvi asanadziwe kukunga uta ndi stringer, chingwe chothandizira kupinda uta pokoleka nsinga. Amene tikugwiritsa ntchito ndi mauta a recurve, mtundu womwe umaponyedwa pa masewera a Olimpiki pa mtunda wa mamita 70, womwenso Areneo David anaimira nawo Malawi ku Rio de Janeiro mu 2016. Nsonga zake n'zopindikira kutsogolo, ndipo kupindika kumeneko n'kumene kumaupatsa liwiro, komanso n'kumene kumapweteka munthu akaukunga mwachisawawa.

Tinayamba ndi kulumikiza. Uta uli ndi zigawo zitatu: chogwirira chapakati chomwe timati riser, ndi nthambi ziwiri, yam'mwamba ndi yam'munsi. Riser ya mainchesi 25 ikalumikizidwa ndi nthambi zapakatikati imapereka uta wa mainchesi 68, zazifupi 66, zazitali 70. Atsopanowa tawapatsa nthambi zofuna mphamvu yokokera ya mapaundi 18 mpaka 22, popeza wongoyamba kumene akapatsidwa uta wolimba amazolowera kukoka ndi mkono m'malo mwa msana. Nthambi zimalembedwa kuti iyi ndi yam'mwamba, iyi yam'munsi, koma awiri anazisinthanitsabe. Pa mauta a mtundu wa ILF, omwe nthambi zake zimangolowetsedwa n'kudzikola zokha mu riser, nthambi ikalowa bwino mumamva kuti tcha! Ngati simunamve, tulutsani mulowetsenso.

Kenako nsinga. Kumapeto kwake ili ndi magonga awiri osafanana, okolekera kunsonga za nthambi. Lalikulu limalowa kunsonga ya nthambi yam'mwamba n'kutsetsereka mpaka pamene nthambi yayamba kutambalala. Laling'ono limakhazikika m'timipata ta kunsonga yam'munsi. Mukatembenuza nsingayi, malo okolekapo muvi amakhala olakwika, ndipo mivi imavina pochoka.

Apa m'pamene mnyamata wina, yemwe anakulira kumudzi akukunga mauta a nsungwi, anapinga mwendo pakati pa uta ndi nsinga, nsonga yam'munsi n'kuikoleka pakakolo, kuti aupindire pantchafu. Tinamuimitsa asanakanikize. Njira imeneyi pa uta wansungwi ilibe vuto lalikulu, koma nthambi ya recurve ndi yopyapyala ndiponso yotambalala, yomatidwa ndi guluu kuchokera ku timizere ta thabwa kapena thovu lolimba ndi fiberglass kapena carbon. Imapirira kupindidwa molunjika, koma siipirira kupotozedwa. Pantchafu simungaipinde molunjika ndithu, ndiye kukunga kulikonse kumaipotoza pang'ono, mpaka tsiku lina nsinga imayamba kukhala chambali. Tinawaonetsa nthambi ina yakale yomwe inaonongeka choncho: mukayang'ana kuchokera kumbuyo, nsinga siidutsa pakati, imathawira kumanzere chakunsonga. Nthambi yotere ikhoza kulavula nsinga uta uli chikokere.

Palinso njira ina yoipa kuposa iyi, yotsamiritsa nsonga yam'munsi kuphazi, dzanja limodzi likukoka riser, lina likukankha gonga kupita kunsonga. Nkhope imakhala moyang'anizana ndi nsonga yam'mwamba. Dzanja likaterereka ndi thukuta, nsongayo imabwerera m'diso. Ife pabwalo pano njira imeneyi sitiilola ngakhale kwa odziwa.

Stringer ndi chingwe cholimba chabe. Yathu ili ndi kathumba kachikopa mbali imodzi, ndi kalabala kokhala ndi mizeremizere mbali inayo. Kathumba kamavekedwa kunsonga yam'munsi, n'kuphimba gonga laling'ono kuti lisachoke m'timipata. Kalabala kamagona pa nthambi yam'mwamba, kumunsi kwa gonga lalikulu, chakumbali ya riser. Izi n'zofunika kwambiri: kakakhala pakati pa gonga ndi nsonga, katsekereza njira yomwe gonga liyenera kudutsa. Kakakhalanso kutali kwambiri ndi nsonga, nthambi siipindika mokwanira ndipo mudzakoka mpaka msana kuwawa. Malo ake ndi pomwe payambira kupindika kwa kunsonga, kuseri kwenikweni kwa gonga.

Mukatero mumagwira riser ndi dzanja lanu lamphamvu, uta uli chogona, nsinga ndi chingwe cha stringer zikulendewera pansi. Pondani chingwe cha stringer chokha ndi mapazi onse awiri, motalikirana ngati mapewa anu, chingwe chili pakati pa phazi, osati kuzala. Mtsikana wina anaponda nsinga yeniyeni pamodzi ndi chingwe, n'kumadabwa kuti gonga silikusuntha. Wina anaponda ndi phazi limodzi atavala patapata, chingwe n'kupulumuka. Mwamwayi anali asanakoke kwambiri. Nsapato zikhale zotseka. Mapazi awiri amafupikitsanso chingwe, moti simufunika kukweza uta mpaka pachifuwa.

Tsopano kwezani riser molunjika m'mwamba, mawondo opinda pang'ono, msana wowongoka. Chala chachikulu cha dzanja linalo chigwire kalabala mpaka kataluma nthambi, ndiye kenako mukankhe gonga pang'onopang'ono kupita kunsonga mpaka ligwere m'timipata tonse tiwiri. Zala zikhale m'mbali mwa nthambi, zisalowe pansi pa gonga. Mutu usaweramire pamwamba pa nthambi. Musatsitse msanga: papasani kaye ndi chala ngati gonga lalowa mbali zonse, kenako tsitsani mwapang'onopang'ono kuti nsinga ilandire mphamvu yonse chingwe chikadali pansi pa mapazi. Ngati gonga lalowa mbali imodzi yokha, apa m'pamene limadziulula, ndipo stringer ikadalipo kuti igwire.

Poyang'anitsitsa, uta muuloze kutali ndi nkhope yanu ndi ya mnzanu. Nsinga igone m'ngalande ya pakati pa nthambi kunsonga zonse ziwiri. Mmodzi anakunga uta chagada, nsinga ili kumbali yomwe nsonga zapindikira. Atsopano amalakwitsa kawirikawiri chifukwa uta wosakunga umaoneka ngati wapindikira kale komweko. Uta wokungidwa bwino, nsinga imakhudza nthambi chakunsonga, ndipo nsongazo zimaloza kuchandamale.

Titapuma n'kumwa madzi, tinatenga bow square, karula kooneka ngati chilembo T, kuyeza mpata wa pakati pa nsinga ndi pakhosi pa chogwirira. Pa uta wa mainchesi 68 timafuna mpata wa masentimita 21.5 mpaka 23.5. Mauta awiri anapezeka ndi 20, chifukwa nsinga zake ndi zatsopano za ulusi wa mtundu wa Dacron, zomwe zimatamuka masiku oyamba. Mpata ukachepa, nsinga imamenya dzanja ndipo uta umalira mokweza. Mankhwala ake n'kumasula uta ndi stringer yomweyo, kuchotsa gonga limodzi, kupotoza nsinga kangapo kutsata mmene inapotedwera kale, n'kukunganso. Mmodzi anafunika kubwereza katatu. Nsinga za Dacron sitizisintha n'kuika za mtundu wa Fast Flight pa mauta akale athabwa, chifukwa zimenezo sizitamuka ndipo zimatha kung'amba nsonga zomwe sizinalimbitsidwe.

Wina atangokunga anafuna kukoka nsinga n'kuitaya popanda muvi kuti amve kulira kwake. Tinamugwira dzanja. Mphamvu yomwe ikanapita ndi muvi imabwerera yonse m'nthambi, ndipo kamodzi kokha n'kokwanira kuti ithetheke.

Mivi inayamba kuuluka 10 koloko itadutsa, pa mamita 10 okha. Pomaliza aliyense anamasula uta wake: kathumba kunsonga yam'munsi, kalabala kumunsi kwa gonga, kuponda, kukweza, kutulutsa gonga m'timipata n'kulitsetsereka pansi. Nsinga tinazipaka phula kupatula pamene pakulungidwa ulusi, ndipo magonga awiri a nsinga iliyonse tinawalowetsana kuti mapotedwe aja asamasuke m'bokosi. Stringer imodzi yapezeka kuti chingwe chake chayamba kunyotsoka pafupi ndi kathumba, ndiye taichotsa, sigwiranso ntchito. Mauta sanalowe m'galimoto mpaka nthawi yonyamuka, chifukwa kutentha kwa m'galimoto yotseka kumafewetsa guluu wa m'nthambi.