Tinapita kukathana ndi kolera, tinapeza botolo m'bango

Lipoti la sabata yatha landibwerera kawiri. A shefi, abwana anga, akuti ndifufute chiganizo choti madzi sanayezedwe chifukwa tinalibe ayezi ndi galimoto, akuti chikunyazitsa ofesi. Ndafufuta. Koma anzanga a medicina preventiva, a ntchito yopewa matenda, amene muli m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa kuno ku Mozambique, tsidya lino kapena tsidya ilo, imvani momwe zinayendera, poti mawa foni ingalire kwa inu.

Lolemba ndinali pamsika, ntchito yathu ija: kutembenuza mapende ouma amene a ku Tete amawatcha chicoa, kununkhiza, kukangana ndi amayi ophika nsima za makadi a sanidade, a zaumoyo aja, amene anatha chaka chatha. Lachiwiri brigada, gulu loyenda m'midzi ndi katemera. Njinga yamoto inatithera mafuta pobwerera, tinaikankha dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Zachizolowezi.

Lachitatu 5 koloko isanakwane, APE, wothandiza za umoyo m'mudzi, wa ku doko lina la asodzi anandiimbira. Anthu asanu akusanza ndi kutsegula m'mimba, atatu ndi ana. Chichokereni kolera ya 2023, munthu ukamva mawu amenewa ngakhale tiyi sumwa. Ndinakongola malita 5 a gazolina kwa mwini baraka (kagolosale) wina, tinamanga madzi a diripi a Ringer, SRO (thanzi ORS), klorini wa ufa ndi matesiti a kolera pakaliyala, ine ndi anamwino n'kukwera. Maola awiri m'miyala.

Tinapeza mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi atagona pamphasa kuseri kwa thandala la nsomba. Ine ndinali nditayamba kale kuyang'ana poika chidebe cha klorini. Anamwino anagwada, n'kukhala chete. Mwana wa kolera mumamudziwa, amauma, maso amalowa, khungu ukalitsina limatsala chiimire. Uyu anali wonyowa paliponse. Malovu ali chuchuchu, thukuta, misozi, mamina, m'chifuwa mukumveka ngati mphika ukuwira, timinofu ta m'masaya tikuphiriphitha tokha. Anamutsegula chikope. Kamwana ka m'diso kanali katachepa ngati nsonga ya singano.

"Achimwene, siyani chidebecho. Iyi si kolera."

M'chikwama chawo munali timabotolo 6 ta atropina, jakisoni wothana ndi poizoni wa mankhwala opopera mbewu, tobisa kuyambira kale poopa tsiku ngati limeneli. Mtsikanayo yekha anadya 4 chifuwa chisanayambe kuuma. Awiri otsalawo anagawana achimwene ake. Akuluakulu awiri, amene sanafooke kwambiri, analandira madzi ndi mawu olimbikitsa basi. Mwanayo tinamukweza pa njinga ya APE, amayi ake atamukumbatira kumbuyo, ulendo wa ku chipatala cha distrito. Ine ndinatsala kuti ndifunse.

Anadya chiyani? Nsomba. Zochokera kuti? Anatola dzulo m'mamawa padziwe, zinali kuyandama zokha. Nanga madzi akumwa? Padziwe pomwepo, popeza nyanja yathawa, ndipo kumene yafika tsopano kuli matope ndi ng'ona.

Kenako agogo ake a mwanayo ananena mawu amene mpaka lero akundisowetsa tulo: "Komatu bambo, tinathira Certeza monga munatiphunzitsira. Kachivindikiro kamodzi m'chigubu, n'kudikira." Anathiradi Certeza, klorini wa m'kabotolo woyeretsera madzi akumwa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda m'madoko muno ndikulalikira kuti thirani Certeza, madzi akhala abwino, ndipo sindinanenepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti klorini amapha tizilombo tokha, poizoni samuchotsa. Ndinayang'ana pansi.

Anyamata awiri ananditengera padziwepo. Chilala cha 2024 chinaphwetsa nyanja, ndipo madzi akabwerera m'mbuyo amasiya maiwe olumikizana ndi nyanja pa kamkwasa kakang'ono, nsomba n'kutsekeredwa momwemo. Pamenepo panali poyera mbee ndi mimba za nsomba. Mapende, milamba, tinsomba tosakwana chala, achule, nkhanu, ndi kakowa mmodzi ali gada m'matope. Fungo ngati parafini wosakaniza ndi adyo. M'bango ndinatola mabotolo awiri a lita imodzi imodzi, a mankhwala opopera thonje, pepala lake lisanayambe n'komwe kufufuma. Makolo athu ankathira katupe, inde, koma katupe amaledzeretsa nsomba, madzi akayenda ndi dzuwa likaomba mphamvu yake imatha. Izi ndi zina. Ndipo nsomba zazikuluzikulu wothira mankhwalayo anali atazitola usiku, kuziwaza mchere, mwina pano zili pamsika womwe ndinayendera Lolemba.

Sampulo ya mankhwala otere imafuna botolo lagalasi lakuda, ayezi, ndi kuthamanga nayo, chifukwa pa distrito sitiyeza zimenezi. Ine ndinali ndi timabotolo ta pulasitiki ta kolera. Ndinapempha botolo la chakumwa pabaraka, kulitsuka katatu ndi madzi omwewo, kulidzaza, kulikulunga m'chitenje chonyowa. Wogula nsomba wina anali ndi ayezi m'bokosi, anati ndigule. M'thumba munalibe kanthu, ndinali kale ndi ngongole ya gazolina.

Wothira mankhwalayo doko lonse likumudziwa, koma pakamwa pali tsekeretu. Anyakwawa ananditengera pambali. "Mwana wanga, ndikamugwira ndipita naye kuti? Wa fisikali, woyang'anira za nsomba wa boma uja, timamuona kawiri pachaka. Ndikamulipitsa mbuzi, mawa abwera ndi m'bale wake wophunzira kudzandifunsa kuti mphamvu imeneyo ndaitenga kuti." Sindinawayankhe. Lamulo la usodzi la 2013, nambala 22, limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba. Koma lili m'buku, bukulo lili m'kabati, kabatiyo ili kutali ndi dziwe maola awiri pa njinga yopanda mafuta.

Zinangochitika kuti Lachinayi kunali msonkhano womva maganizo a anthu pa postura yatsopano, lamulo la m'dera lino lokha, imene distrito ikufuna kukhazikitsa yoteteza madzi a nyanja ndi mitsinje yothira m'menemo. Ndinaitanidwa kalekale ndipo ndinali nditaganiza zongokasaina pepala la opezekapo, kumwa chakumwa, n'kuthawa. Ndinapita ndi mabotolo awiri aja m'jumbo.

Zimene zalembedwamo si zapatali. Wogulitsa mankhwala a m'munda azilemba dzina la wogula ndi kulandiranso botolo likatha. Doko lililonse likhale ndi zimbudzi kutali ndi pamene madzi amafika nyanja ikadzaza. Oyilo wakutha wa mainjini asatayidwe m'madzi. Otsuka golide azitsukira m'maenje otalikirana ndi mtsinje. Ndipo chimene chinandigwira mtima: komiti ya asodzi, CCP ija, pamodzi ndi anyakwawa, akhale ndi mphamvu yolembedwa yogwira katundu wa wolakwa ndi kulemba mlandu, ndipo gawo la chindapusa litsale pa distrito kuti lizigulira mafuta, ayezi ndi mabotolo oyezera madzi.

Bambo wina wa tayi anaimirira n'kunena kuti malamulo tili nawo okwanira, tisachulutse mapepala. Anawatchula bwino ndithu: la madzi la 1991, la chilengedwe la 1997, decreto 18 ya 2004 yoika malire a zonyansa zotayira m'madzi. Zoona zonsezo. Koma ine decreto imeneyo ndinaiwerenga kusukulu, imayankhula ndi fakitale yokhala ndi paipi, pamene ungakatunge sampulo ndi kupeza mwini wake muofesi. Kwathu kuno chowononga madzi chilibe paipi. Ndi mnyamata wa bwato usiku, ndi mbale ya garimpeiro, wokumba golide ndi manja uja, ndi anthu mazana a padoko opanda chimbudzi. Wogulitsa mbewu ndi mankhwala naye anati kaundula amuthawitsira makasitomala. Pamenepo ndi pamene ndinatsegula jumbo n'kuika mabotolo patebulo. Sindinamuloze chala, sindinganene kuti anachokera m'sitolo yake. Ndinangofotokoza za kamwana ka m'diso kaja ndi za atropina 6 wa anthu asanu. M'chipinda munati zii.

Za golide ndinalankhulapo motalika kuposa mmene wapampando ankafunira. Mankhwala a thonje amaonetsa nkhope yake tsiku lomwelo, mercúrio, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni chija, sachita phokoso. Garimpeiro amamuthira m'mbale kuti agwire fumbi la golide, amawotcha kampira kaja n'kupuma utsi wake, wotsala amapita ndi matope kumtsinje. Pansi pa madzi tizilombo timamusandutsa mtundu wolowa m'nyama ya nsomba, yaing'ono idyedwa ndi yaikulu, n'kumaunjikana mpaka mu mcheni ndi vundu. Kuwiritsa sikumuchotsa, kuyanika sikumuchotsa, Certeza ndiye musatchule. Amakagunda ubongo wa mwana ali m'mimba, ndipo mayi wapadoko ndiwo yake ndi nsomba tsiku lililonse. A ku Manica anadikira mpaka mitsinje yothira m'damu la Chicamba, limene anthu a ku Chimoio amamwa, inasanduka phala lofiira, boma n'kuimitsa migodi m'chigawo chonse mu 2025. Kodi ifenso tidikire zomwezo?

Wina anafunsa kuti kapostura ka distrito imodzi kangatani pa nyanja yotalika makilomita opitirira 200, kuchokera pa damu ku Songo mpaka ku Zumbo, imene madzi ake amachokera kwa eni ake. Funso labwino. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa kopa linaphulika ku Copperbelt, asidi n'kulowa mu Kafue, ndipo Kafue amathira mu Zambezi kumtunda kwathu. Manyame amadutsa m'nyanja ya Chivero, kumene zonyansa za Harare zimathera, asanadzatipeze kuno ndi dzina loti Panhame. Zimenezo ndi za maboma, ine sindingazifikire. Koma dziwe la Lachitatu silinathiridwe ndi munthu wa ku Zambia. Anyakwawa a padoko paja, amene anabwera wapansi theka la njira, ndi amene anamaliza nkhaniyo: "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anthu anaseka, ena anaomba m'manja.

Akuluakulu mukukumbukira 2009, pamene alendo anayi akunja anagwidwa akuponya tizinthu tawo m'nyanja muno, eni ake akuti tochiritsa madzi, boma likuti akufuna kuwononga damu. Anakhala m'ndende masabata. Ndiye kuti madziwa akaopseza makina a magetsi, apolisi galimoto imapezeka. Ndangodutsapo.

Musaganize kuti posturayo ndaimeza yonse. Chindapusa chake n'chimodzi kwa wa bwato losema ndi kwa mwini mabwato akuluakulu a kapenta amene amasintha oyilo pakati pa nyanja usiku, nyali zili ngwee. Kwa woyambayo ndi chakudya cha mwezi, kwa winayo ndi ndalama ya fodya. Ndinapempha kuti chizikwera malinga ndi kukula kwa bizinesi, mlembi analemba, kaya zilowa. Ndinapemphanso kuti poletsa kutunga padziwe pakhale mjigo, chifukwa agogo aja sanasankhe dziwe mwachikondi. Komabe atafunsa ogwirizana nayo ndinakweza dzanja, ndipo pepala la maganizo ndasaina dzina langa lonse ndi udindo. Inunso ikafika kwanu kapiteni, musatume wa estágio, wophunzira ntchito. Tengani zimene mwaona, ngakhale ndi botolo lopanda kanthu.

Lachisanu ndinabwerera kudoko ndi APE. Tinatchinga dziwe ndi minga, tinakwirira nsomba zoola, ndinasonkhanitsa amayi pansi pa mlambe n'kusintha ulaliki wanga: nsomba yoyandama yokha musatole, madzi onunkha parafini Certeza sangawakonze. Mmodzi anafunsa kuti nanga timwe ati. Ndinati a kunyanja yeniyeni, muzipita awiriawiri chifukwa cha ng'ona. Anandiyang'ana momwe munthu amayang'anira mwana wolankhula zopusa pamaliro.

Loweruka anamwino ananditumizira uthenga kuti mtsikana uja wakhala tsonga, akumwa phala, akufunsa za nkhuku yake.

Botolo la sampulo anamwino anakana kuti lilowe mufiriji ya katemera, ndipo sanalakwe. Lili pansi pa tebulo langa m'chitenje chake chomwe chija, ndimachinyowetsa m'mawa ndi madzulo ngakhale ndikudziwa kuti pofika pano likapita kukayezedwa sakapezamo zambiri. Galimoto yopita ku Tete akuti Lolemba, mafuta akabwera. Mwini baraka wadutsa kale kawiri kudzafunsa za malita ake 5.