Mwini munda anali mayi: zomwe ndaphunzira polemba mbiri ya kwathu

Teremu ino pa phunziro la mbiri yakale anatipatsa ntchito yoti aliyense akacheze ndi munthu wachikulire, ajambule mawu ake pa foni, kenako alembe za moyo wa munthu wamba wa m'banja mwake amene anakhalako dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964. Ine ndinasankha bambo a agogo anga akuchikazi, chifukwa ndinkamva kuti anakagwirapo ntchito ku Halale. Ndinkaganiza kuti munthu amene anayenda ndiye ali ndi nkhani. Ndinakwera minibasi mpaka pa Lirangwe, n'kutsala ndi ulendo wapansi, m'thumba muli pepala lomwe ndinali nditandandalikapo mayina a amuna a m'banja lathu.

Nditawawerengera mayinawo, agogo anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Amuna anga, apatu mwalemba alendo okhaokha. Nanga eni mudzi ali kuti?"

Za chikamwini ndinaziphunzira kusekondale, ndipo tanthauzo lake ndinalilemba pa mayeso. Koma tsiku limenelo m'pamene zinandilowa. Kwathu mwamuna amachita kubwera, amamanga nyumba pamudzi pa mkazi, amalima munda wa mkazi. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo woyang'anira mbumba ndi mlongo wake wa mayiyo, malume wa ana. Bambo amene ndinkawafunawo anakhala pamudzipo zaka zowerengeka. Amayi awo a agogo anabadwira pomwepo, anakwatiwira pomwepo, manda awo ali pomwepo. Ndinatembenuza pepala lija n'kuyambiranso.

Chovuta choyamba chinali zaka. Agogo sawerenga zaka ndi manambala, amaziwerenga ndi zochitika. Akuti amayi awo anali khanda la kumsana pa nkhondo ya Chilembwe. John Chilembwe anaukira atsamunda mu Januwale 1915, ndiye kuti mayiyu anabadwa cha m'ma 1914. Anakwatiwa "chaka cha dzombe". Dzombe linavuta m'dziko muno kwa zaka zingapo m'ma 1930, choncho sindinakakamize chaka chimodzi, ndinangolemba kuti m'zaka zimenezo. Aphunzitsi athu amatichenjeza kuti wophunzira akafuna kuti ntchito yake ioneke yokhwima amayamba kupeka manambala. Chiyeso chimenecho ndinachimva ndithu.

Za ntchito agogo anafotokoza mosavuta, chifukwa zambiri anazigwira okha ali mtsikana. Kusosa, kugalauza, kudzala ndi mvula yoyamba, kupalira, kubandira, kukolola, kututira m'nkhokwe. Chilimwe kudimba. Chigayo kunalibe pafupi, ndiye ufa uliwonse wolowa mumphika unkadutsa m'manja: kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kusinja, kusefa, kuyanika pamphasa. Masamba a maungu ndi khwanya ankawafutsa n'kuwamanga m'zikwatu, kukonzekera miyezi yosowa ndiwo. Anandilowetsa kukhitchini n'kundionetsa munsi wa amayi awo. Pakati pake, pogwira, mtengowo unaonda n'kusalala ngati wopakidwa mafuta. Ndinaugwira, ndipo dzanja langa linakwana ndendende pomwe panadyekapo. Palibe buku lomwe linandiuzapo kuchuluka kwa ntchito ya mayi wakumudzi momveka ngati malo odyeka amenewo.

Nanga mwamuna anali kuti? Boma la atsamunda linkafuna msonkho wa ndalama, ndipo ndalama zinali kuminda ya azungu, ku Blantyre ndi ku Limbe, ku Southern Rhodesia kapena kumigodi ya ku Joni. Amuna ankapita, ena n'kubwerako ndi bulangete ndi njinga, ena n'kutchona. Mayi wotsalayo ankalima mbali yake ndi ya mwamuna yomwe.

Pomwe nkhani inafika polemera ndi pa njala ya 1949. Mvula inayamba, anthu anadzala, kenako inadula, chimanga n'kuuma chisanamasule. Boma la Blantyre ndi limodzi mwa madera omwe anakhudzidwa kwambiri. Nthawiyo agogo anali kamtsikana, ndipo bambo awo anali atabwerako ku Halale. Nkhokwe itatha, bamboyo ananyamuka kuti akukasuma ku Ntcheu. Ulendo woyamba anabwera ndi kachimanga pamutu. Wachiwiri sanabwerenso, ndipo patapita nthawi zinamveka kuti anakwatira komweko.

Mayi uja anatsala ndi ana anayi. Mowa womwe ankafulula kuti apeze ya mchere ndi sopo unatha, poti chofululira panalibe. Ankapita kuganyu wolipidwa madeya. Ankaphika mango osakhwima. Ankakumba mpama kutchire, ndipo apa agogo anayamba kuonetsa ndi manja: kusenda, kudula timapisi topyapyala, kuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, chifukwa mpama wosakonzedwa bwino umaledzeretsa ndipo ukhoza kupha. Amayi awo ankayamba kulawa okha, n'kudikira, asanapatse ana. Mwana womaliza, yemwe anali kuyamwa, sanafike pa zokolola za chaka chotsatira. Atanena zimenezi agogo anasiya kuyankhula. Ndinazimitsa foni. M'kalasi tinaphunzira kafunsidwe ka mafunso, koma pa nthawi ija ndinaona kuti kufunsanso kanthu kukanakhala kupanda ulemu. Tinangokhala pakhonde mpaka iwo eni anayambiranso.

Nditabwerera kusukulu ndinawerenga buku la Megan Vaughan la 1987, The Story of an African Famine, lomwe limakamba za njala yomweyi m'boma la Blantyre. Ndinadzidzimuka kupeza kuti zomwe ndinkayesa tsoka la banja lathu lokha zinachitikira amayi ambiri. Amuna ankachoka kukafuna chakudya osabwereranso, ndipo kagawidwe ka chakudya kankakomera anthu apantchito, pomwe amayi osiyidwa ankavutika kuti awerengedwe. Akuluakulu a boma la atsamunda ankaloza chala kuchuluka kwa anthu ndi ulimi wa fodya. Vaughan anafunsanso amayi eni ake, n'kumvetsera nyimbo zomwe ankaimba posinja. Agogo nawo anandiimbira imodzi, yodandaula mwamuna wothawa ana pa njala, akumenya nthawi ndi chikhatho pabondo monga munsi umagwera mumtondo.

Apa m'pamene maganizo anga pa phunziroli asinthira. Kale ndinkaona ngati zolembedwa ndiye umboni weniweni, zapakamwa ndi zongokometsera. Koma malipoti a atsamunda, monga omwe amasungidwa ku Zomba, analembedwa ndi anthu omwe ankawerenga okhoma msonkho, antchito ndi matumba a mbewu. Mayi wolawa mpama kuti ana ake asafe sanali m'gulu la zowerengedwazo. Sindikunena kuti zonse zomwe agogo akumbukira n'zolondola. Pena ankasakaniza njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo ndinachita kuwafunsa kuti, "Pamenepo munali mutakwatiwa kale?" kuti ndisiyanitse. Buku linandithandiza kuwongola zaka, agogo anandipatsa munthu.

Mu ntchito yomwe ndapereka, mzere wa banja ukuyambira pa mayi ameneyu, kupita kwa agogo, kwa amayi anga, mpaka kwa mlongo wanga yemwe akulima gawo la munda womwewo chaka chino. Malo amodzi ndasiya osalemba, a mwana uja anamwalira pa njala. Agogo akuti dzina lake linawathawa, koma mng'ono wawo yemwe amakhala ku Lunzu mwina akulikumbukira. Tikatsekera ndipita kukawafunsa.