Sabata ya timbalame ku lodge

Ntchito yanga pa lodge ina kuno ku Chipata, msewu wopita ku Mfuwe, ndi kusamala timbalame ta m'khola lalikulu la waya limene lili mkati pofikira alendo. Muli ma zebra finch 10 na ma Bengalese 6. Mwezi watha abwana anabweretsa ma zebra ena 4 kuchoka ku Lusaka, ndinawasunga paokha mu keji masiku 30 kuyang'ana zitosi na mmene akupumira, kambalame kodwala kamabisa matenda mpaka mungokapeza kagona chagada.

Lolemba ndinangoyika keji ija pafupi na khola kuti azionana pa waya. Lachiwiri m'mawa ndachotsa zisa zonse, apa mpamene panavuta. Abwana kulowa, ati iwe mwana, zisa wapita nazo kuti, nanga ana tidzawaona liti? Ndati abwana pepani, zebra ikakhala na chisa imasanduka mfumu ya mudzi, mlendo aliyense imuthothola nthenga kukayala m'nyumba mwake. Sanayankhe koma nkhope inanena zonse.

Lachitatu ma zebra atsopano aja ndawatsegulira m'mawa kuti akhale na tsiku lonse lophunzira pali madzi na pogona, mbale za mawere ndayika ziwiri kona iyi na kona iyo. Kamuna kamodzi kakale, ka masaya a olenji na mlomo wofiira psuu, kanathamangitsa alendo mpaka masana kenaka kanatopa kokha. Ma Bengalese iwo alibe nazo ntchito, usiku amaunjikana malo amodzi monga anthu mu minibasi ya ku Katete, nchifukwa chake mazira awo m'khola la gulu amavuta kuswa, onse afuna kukhalira chisa chimodzi.

Lachinayi ndinachita mantha zoona. Kakazi kamodzi ndakapeza pansi katafufuma nthenga, mchira ukugwedera, dzira lakana kutuluka. Malaiti kunalibe, ndiye ndathira madzi otentha m'botolo, kukulunga na thaulo, kuyika pambali pa kakeji. Madzulo dzira latuluka la chikamba chofewa, kashiamu anachepa m'thupi. Manje ku khichini ndinawauza kuti makoko a mazira asamataye, ndimawiritsa, kuyanika, kusinja.

Lachisanu tagwirizana na abwana kuti banja limodzi chabe ndilo liswe, mu keji yawoyawo. Zebra imaikira mazira 4 mpaka 6, pakapita sabata ziwiri aswa, sabata zitatu ana atuluka m'chisa, makolo ayambanso. Ndinawawerengera pa zala kuti mabanja 7 onse akayamba, Khrisimasi isanafike tidzagona panja ife.

Pa Chiwelu ndikusesa ndapeza ulusi wa mopu waunjikidwa mu mphika wa maluwa uja uli m'khola, kamuna kaja kaimirira pamwamba na kaudzu kukamwa.