Lachiwiri la mvula m'wodi ya ana

Mvula yayamba mbandakucha, ndipo pofika 9 koloko ana ena anali atagona awiriawiri pabedi limodzi.

Cha m'ma 10 kwafika agogo ena pa kabaza, chitenje chili chonyoweratu, atabereka mdzukulu wa zaka 3. Kachipangizo koyezera malungo kanaonetsa mizere iwiri mosachedwa. Mizereyi payokha sinandiuze zambiri, chifukwa HRP2, puloteni ya tizilombo imene kachipangizoka kamafufuza, imatha kukhalabe m'magazi milungu ingapo mwana atamaliza kale mankhwala a malungo a LA. Chimene chinandidetsa nkhawa ndi kapumidwe kake. Ankapuma mozama ngati wathamanga mtunda wautali, chonsecho nditamvetsera pachifuwa panalibe chachilendo. Nditatsegula kachikhatho kake, kanali koyera mbee.

"Agogo, wayamba liti kudwala?"

"Lachisanu, adokotala. Usiku wathawu ndiye wachita linjirinjiri kawiri."

Ndinawapempha kuti asendeze nkhope yawo pafupi ndi yake, aiyendetse uku ndi uku. Maso sanawatsatire. Nditamukanikiza pachikhadabo anangobweza dzanja n'kubuula. Pa Blantyre Coma Score, muyezo wa kukomoka kwa mwana, ndinalemba 2 pa 5, kutanthauza kuti wakomoka ndithu. Nthawi zonse ndikamalemba nambala imeneyi ndimakumbukira kuti muyezowu unapangidwa kwathu konkuno, ku Blantyre, ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo, n'kusindikizidwa mu 1989, ndipo lero akuugwiritsa ntchito m'maiko ambiri.

Jekeseni ya artesunate, mankhwala a malungo aakulu, tinabaya 10:30, osadikira za ku labotale. Shuga anali 2.0, pansi pa 2.2 pamene timati watsika moopsa, ndiye tinamupatsa wa m'dilipi pomwepo. Mlingo wa magazi unabwera 4.3, mwana akatsika pa 5 timati magazi achepa moopsa, afunika kuwonjezeredwa. Koma pagalasi la maikulosikopu tizilombo sitinali tambiri.

Agogo atamva zimenezi nkhope inamasuka. "Ndiye kuti si malungo aakulu?" Zinandipweteka kuwauza kuti ndi aakulu ndithu. Tizilombo tikakhwima timachititsa maselo ofiira kumatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo ndi ziwalo zina, choncho dontho lochokera pachala limangoonetsa toyendayenda, tobisala sitioneka. N'chifukwa chake akafukufuku amayeza kuchuluka kwa HRP2 m'madzi a m'magazi kuti adziwe katundu yense amene thupi lasenza. Amayezanso angiopoietin-2, imene imakwera khoma la m'kati mwa mitsempha likasokonezeka, ndi TNF, imene chitetezo cha mthupi chimatulutsa chikamalimbana ndi matenda. Ikachuluka mopitirira, thupi limayamba kudzivulaza lokha.

Ife kuno zimenezo timangoziwerenga. Chimene tikanakwanitsa ndi lactate, asidi amene amachuluka ziwalo zikamasowa mpweya, ndipo akafika pa 5 timadziwa kuti zafika povuta. Kamakina kake tili nako, koma timapepala toyezera tinatha kalekale. Zimandiwawa. Ndinatsala ndi maso anga ndi wotchi, kumawerenga kapumidwe kaja.

Masana, titathira mankhwala okulitsa mboni ya diso, mkulu wanga pantchito anazimitsa magetsi n'kundipatsa tochi yoonera m'kati mwa diso. Ndinavutika kaye, kenako ndinaona: timadontho toyera kumbuyo kwa diso, ndi timagazi totuluka apo ndi apo, tina tokhala ndi kadontho koyera pakati. Ananong'ona kuti, "Zimene ukuonazo zikuchitikanso mu ubongo." Kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2004 anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi amene ankaganiziridwa kuti wafa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi matenda ena, ndipo diso ndi limene linkasiyanitsa bwino magulu awiriwa. Lero ndaziona ndi maso anga koyamba. Ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya, tinapitiriza kupereka, poti meninjaitisi, matenda oumitsa khosi, tinali tisanaichotse pa mndandanda wa matenda amene tinkawaganizira.

Thumba la magazi linafika 3 koloko. Agogo anakhala pansi, atagwira kaphazi ka mdzukulu, akuyang'ana dontho lililonse. Phala limene anzawo anawapatsa linazizira osalikhudza.

Anamwino a usiku anditumizira uthenga posachedwapa: jekeseni yachiwiri abaya 10:30, kapumidwe katsika, linjirinjiri silinabwerenso, koma maso sanayambe kutsatira. Yachitatu ndi mawa 10:30 m'mawa. Ndikafika ndiyambira pabedi lake.