Zimene in-charge akudziwa zikakwera naye minibasi

Tsopano mtima wakhala pansi. Henry Mintzberg, katswiri wa kayendetsedwe ka ntchito, anagawa ntchito za bwana m'ma role khumi. Atatu okhudza nkhani, amene anawatcha ma informational roles, monitor (wosonkhanitsa nkhani), disseminator (woigawa mkati) ndi spokesperson (woilankhula kunja), m'kalasi ndinkangowaloweza ngati ndakatulo. Chifukwa chimene atatuwa akhalira m'gulu limodzi sindinkachiona. 

Mu kafukufuku amene anatuluka mu 1973, Mintzberg anatsatira mabwana asanu, aliyense sabata imodzi, ndipo anapeza kuti zambiri zimene bwana amadziwa amazimva pakamwa: pafoni, pamsonkhano, pokumana ndi munthu panjira. Zomva pakamwa zimasungidwa m'mutu. Ndiye taganizirani in-charge, woyang'anira shifiti, wa ku casualty, kumene kumafikira odwala mwadzidzidzi. Akudziwa kuti ku theatre kuli odwala awiri pamzere, kuti ku labu magazi a O negative atsala paketi imodzi, kuti suction (makina oyamwa magazi ndi makhololo) ya pa bedi lachiwiri ikukoka mofooka. Akaweruka, zonsezo zakwera naye minibasi, ndipo a shifiti ya usiku akuyamba ntchito mumdima. Apa ndi pamene ndamvetsa kuti ma role atatu aja ndi ngalande imodzi: nkhani ilowe, igawidwe mkati, ituluke kunja. Ikatsekeka penapake, zimene bwana akudziwa sizithandiza wodwala aliyense.

Komanso ku casualty nkhani imasasa msanga, choncho monitor sangadalire malipoti a pamwezi. Tengani okosijeni. Silinda ya size J ikadzaza imakhala ndi malita 6,800. Wodwala amene ali pa mask ya kathumba, pa malita 15 pa mphindi, aimaliza pa maola asanu ndi awiri ndi theka. Geji ikaloza pakati, atsala malita 3,400, osakwana maola anayi, ndipo mukalumikizapo odwala awiri otere sikwana maola awiri. Kasilinda ka size E koperekezera wodwala ku X-ray kali ndi malita 680, ndiye kuti mphindi 45 basi, pamene mzere wa ku X-ray ungapitirire pamenepo. Munthu akangoyankha kuti "okosijeni ilipo" sanakuuzeni kanthu. Funso la monitor ndi lakuti, itha nthawi yanji? Ndipo powerengera aziikamo odwala amene ali pa concentrator, makina a okosijeni oyendera magetsi, chifukwa magetsi akathima jenereta n'kuchedwa, onsewo abwerera pa silinda yomweyo.

N'chimodzimodzi ndi triage, kusanja odwala powapatsa mitundu malinga ndi mmene adwalikira. Pa South African Triage Scale wofiira aonedwe pompopompo, wa orange pasanathe mphindi 10, wachikasu pasanathe ola limodzi, wobiriwira pasanathe maola anayi. Koma ngati pa khadi sipanalembedwe nthawi imene wodwala anafika, mitunduyo ndi yongokongoletsa. Palibe angadziwe kuti wachikasu uja wakhala pa benchi maola atatu, kupuma kwake kwasintha, ndipo akuyenera kuyezedwanso.

Pa disseminator, ine ndagwa m'chikondi ndi bolodi loyera ndi kamsonkhano koimirira ka mphindi zisanu posinthana shifiti, ndipo sindikuona chida china choposa chimenechi, kaya kompyuta kaya buku la handover. Pa bolodi pakhale mabedi opanda munthu ku mawodi ndi ku ICU, okosijeni ndi ola limene ithere, magazi amene alipo, zida zowonongeka, ndi dokotala wa on call. Mzere uliwonse ukhale ndi nthawi imene walembedwa. Bolodi la dzulo limene silinafufutidwe ndi loopsa kuposa bolodi lopanda kanthu, chifukwa nesi alikhulupirira, akweza wodwala pa trolley kupita ku wodi, n'kukapeza bedi lija muli munthu. Mayina a odwala asalembedwepo, magadiyani amadutsa pomwepo. Pa kamsonkhanoko pakhalenso porter, okonza m'chipinda, kalaliki ndi mlonda. Mlonda ndi amene amayamba kuona lole ikulowa pageti ndi anthu ovulala pangozi, ndiye adziwe woti amuitane.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'kalasi mutu wonsewu unatha pa silaidi imodzi, zitsanzo zake za m'mafakitale, kenako tinathamangira mutu wina poti semesita yafupika. Ambiri mwa ife tidzapatsidwa u-in-charge tisanakhwime, ndipo palibe anatikhazika pansi kutiwerengetsa silinda ngakhale imodzi.

Spokesperson sinandivute kwenikweni. Atolankhani ali ndi mneneri wa chipatala. Mbali ya in-charge ndi kulankhula kwa matroni ndi akuluakulu ndi manambala m'manja, kufotokozera magadiyani chimene chikuchedwetsa, ndi kudziwitsa a IDSR, olondoloza miliri, ku boma pasanathe maola 24 akaganizira kolera. Amene sanachite bwino u-monitor amafika kumeneko ndi madandaulo okha, akuluakulu n'kungoti tamva.

Pamene ndakakamira ndi pa nkhani zimene sizingalembedwe pa bolodi. Mintzberg ankaona kuti mphekesera ndi zongomva m'makona n'zofunika kwa bwana, popeza zimafika msanga kuposa malipoti. Chabwino. Koma in-charge akaona kuti nesi wina watopa moti manja akunjenjemera poika cannula, kapena wamva kuti kilinishani wina sayankha foni usiku, auze ndani, ndipo auze zochuluka bwanji? Akasunga m'mutu, tabwerera ku minibasi ija. Akanena pa kamsonkhano, wanyazitsa munthu ndipo mawa palibe adzamuuzenso kanthu. Mwina ayenera kumunong'oneza in-charge mnzake yekha pa handover, koma nanga mnzakeyo akakhala kuti ndi amene nkhaniyo ikumukhudza? Pamenepa sindinapeze yankho.