Getsi loyaka lokha m'chipinda cha sitima ya ku Durban

Munthu wa ku Mulanje mdima amaudziwa. Amene anagonapo m'tinyumba ta paphiri, kaya ku Chambe, ku Lichenya kapena ku Thuchila, akudziwa kuti moto ukangozilala ngakhale chikhatho chako suchiona, ndipo tulo ta kumeneko timakoma chifukwa cha mdima womwewo. Mdima wotero umapezekanso m'sitima zikuluzikulu zonyamula alendo pa nyanja ya mchere, makamaka m'zipinda zam'kati zopanda zenera, zomwenso ndi zotsika mtengo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'sitima zambiri zatsopano mdimawo sukhalitsa. Mukangotembenuka pabedi, kapena mnzanu akatsitsa phazi, getsi limangoti ngwee lokha, wina osakhudza swichi.

Ulendo wokafika m'chipindamo ndi wautali. Kuchoka pa Chitakale kapena pa Luchenza mumayamba mwafika ku Blantyre, kenako ndege pa Chileka kapena basi yodzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Johannesburg, n'kuwonjezera makilomita pafupifupi 570 a msewu wa N3 kutsikira ku Durban. Sitima za kampani ya MSC zimanyamuka padoko limeneli m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo maulendo afupiafupi amakhala a masiku atatu kapena anayi kupita ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo kapena ku Pomene, ku Mozambique komweko. Wotchi simusintha, nthawi ya ku Malawi, South Africa ndi Mozambique ndi imodzi. Amene wayenda pa basi amafika miyendo itatupa, ali ndi ngongole ya tulo ya mausiku awiri. Ulendo wa masiku atatu ulibe usiku wotaya, n'chifukwa chake nkhani ya kagetsi kamodzi ndi yofunika kuithetsa madzulo oyamba omwewo.

Magetsi amenewa sakhala malo amodzi m'sitima zonse, ndipo zina, makamaka zakale, zilibiretu. Kumene alipo, yang'anani malo atatu. Ena amakhala pansi, m'munsi mwa kakabati ka pambali pa bedi, ndipo amaunika pansi pokha. Ena amakhala kudenga m'kanjira ka pakati pa wodilopu ndi chitseko cha bafa. Awa ndi amene amadzutsa anthu, chifukwa kuwala kwake n'koyera, kwamphamvu, ndipo kumagunda pagalasi n'kubwerera pankhope ya wogona. Ena ali m'kati mwa wodilopu kapena m'bafa momwemo.

Choyatsa getsilo si getsi lenilenilo ayi. Ndi kadiso kena kapadera, kapulasitiki koyera kotukuka ngati theka la kamphesa, kukula kwake sentimita imodzi kapena ziwiri. Ndi komwe kaja mumakaona pa magetsi a chitetezo a pakhonde m'nyumba za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, aja amayaka galu akadutsa. Amisiri amati PIR. Sikatulutsa kanthu, ndipo si kamera. Kamangomva kutentha kochokera m'thupi la munthu. Kapulasitiki kaja n'kogawidwa timagawo tambirimbiri, kagawo kalikonse koyang'ana mbali yake ya chipinda. Chinthu chofunda chikachoka m'gawo lina kulowa m'gawo lina, kutentha kofika m'kati kumasintha mwadzidzidzi, getsi n'kuyaka kwa masekondi angapo kapena mphindi imodzi kapena ziwiri, malingana ndi momwe anatcherera.

Mukamvetsa zimenezi, zodabwitsa zambiri zimatha. Munthu woyenda modutsa kutsogolo kwa kadiso amakayatsa msanga kuposa wobwera molunjika. Wogona atafunda bulangete sakayatsa, koma akatulutsa mkono kapena kufukula zofunda, kutentha komwe kunali kobisika kumaonekera kamodzin'kamodzi. Nthawi zina getsi limayaka aliyense ali phee. Musathamangire kuganiza za ufiti. Yang'anani chovala chopachikidwa pa chitseko kapena chitseko cha wodilopu chosatsekedwa bwino. Nyanja ya kugombe la Durban ndi Mozambique imakhala ndi mafunde, sitima ikamapendeka zinthu zolendewera zimagwedezeka, ndipo mpweya wozizira wa makina ukamaomba nsalu, kadiso kamaona kutentha kukusinthasintha. M'bafa vuto limatembenuka: mukakhala duu pachimbudzi getsi limazima chifukwa palibe chikuyenda, ndiye mungogwedeza dzanja. Galasi la posambira nalo limatchinga kutentha kwa thupi, kadiso sikakuonani mukakhala kuseri kwake.

Musanamate kadiso kalikonse ndi tepi, funsani wosamalira chipinda chanu, yemwe amabwera kudzadzidziwitsa tsiku loyamba. Mawu akuti motion sensor, dzina la kadisoka pachingerezi, aliyense wa iwo amawadziwa. M'sitima zina muli swichi pafupi ndi bedi kapena pakhomo yozimitsa kadisoko, ndipo n'zomvetsa chisoni kuvutika mausiku atatu swichi ili pamutu panu. M'zina mulibe, koma wantchitoyo waona alendo ambiri odandaula zomwezo ndipo amadziwa pamene kadiso kali. Kuchotsa khadi m'kabowo ka pakhomo, kumene kamayatsa magetsi a chipinda, si njira yabwino. Kawirikawiri kumazimitsanso masoketi, foni n'kudzuka yopanda moto, pamene kagetsi ka pansi kangakhale pa waya wina n'kupitiriza kuyaka.

Ngati swichi palibe, yesani chipindacho madzulo musanapite kukadya. Tsekani makatani ndi kuzimitsa zonse, chifukwa timadiso tina tili ndi kachipangizo kena komva kuwala ndipo masana sitigwira ntchito. Gonani pabedi, khalani chete mpaka getsi lizime, mukuwerenga masekondi kuti mudziwe limatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako kwezani mkono. Dikirani lizime. Tembenukani. Dikiraninso. Tsitsani mapazi. Mnzanu achite chimodzimodzi kumbali yake. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo imakuuzani kadiso kati kakuona bedi ndi kati kakungoona pansi. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa: amamata zonse, pamene wolakwa anali mmodzi yekha, wa kudenga.

Chomatira chabwino ndi tepi ya pepala imene opaka penti amagwiritsa ntchito, yopezeka m'mashopu a zipangizo zomangira ku Limbe. Simufuna yambiri. Kulungani masentimita 30 pa cholembera, zakwana ulendo wonse. Dulani tizidutswa ta masentimita atatu m'litali ndi m'lifupi, sanjikizani tiwiri, pindani ngodya imodzi kuti mudzagwire pochotsa. Tepi yakuda ya amagetsi imatchinga bwino kwambiri, koma ikatentha imasiya ulimbo wakuda pa pulasitiki yoyera. Pulasitala wa pabala amathandiza tepi ikasowa. Selotepi yoonekera ndi jumbo yopyapyala musadalire. Pulasitiki yopyapyala ya mtundu wa jumbo imalola kutentha kudutsa, ndipo kadiso komweko kanapangidwa ndi pulasitiki ya mtundu umenewo. Zomatira zamphamvu monga tepi yasiliva yomangira makatoni zisiyeni kunyumba, zimasenda utoto, ndipo zowonongeka m'chipinda zingathe kulembedwa pa bilu yanu.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Musatseke diso lonse. Matani theka lokha, mbali yoyang'ana kubedi, musiye mbali yoyang'ana ku bafa. Poti kagawo kalikonse kamaona mbali imene kayang'ana, bedi limatuluka m'maso mwa kadiso koma munthu woimirira pakhomo la bafa amaonekabe. Mukamata, chokanipo ndi kudikira mphindi imodzi, chifukwa dzanja lanu ndi tepi yofunda ndi zala zimayatsa getsi, anthu n'kuganiza kuti njirayo yakanika. Mukaona kuti mkono ukuyatsabe, sunthani tepi mamilimita awiri kapena atatu, muyesenso. Kwa kagetsi ka pansi pa kakabati, nthawi zambiri tepi n'njosafunika. Nsapato, chikwama kapena thaulo lopinda loikidwa kutsogolo kwa kadiso, kumbali ya bedi, limachita ntchito yomweyo.

Chifukwa chosiyira theka ndi khomo la bafa. M'sitima pansi pa bafa pamakhala pokwera kuposa chipinda, ndipo pakhomo pali kachipupa kachitsulo kotchinga madzi, kotalika ngati chikhatho. Masana mumakadumpha osaganiza. Usiku, mutulo, sitima ikupendeka, mwinanso mutamwa mapiritsi a chizungulire cha panyanja amene amagonetsa, kachipupa kameneka kamathyola chala chakuphazi. Kuchipatala cha m'sitima n'kolipira, ndipo si ndalama ya masewera. Ngati mwatenga agogo, kapena ana akugona pa bedi lam'mwamba lotsika ndi makwerero, getsi la pansi lisiyeni momwe lilili, mulimbane ndi la kudenga lokha. Amene akufunabe mdima wa ku Lichenya amange duku kapena kansalu kakuda m'maso. Ndi njira yonyozeka koma imathetsa mikangano yambiri pakati pa bambo ndi mayi a kunyumba.

Pali magetsi ena amene tepi siwaletsa. Mukafufuza osapeza kadiso kotukuka, kapena mwamata bwinobwino koma likuyakabe, mwina ndi la mtundu wotumiza mafunde a wailesi, amene amadutsa pepala, nsalu, ngakhale thabwa lopyapyala. Chitsulo ndicho chimawatchinga bwino. Ena amagwiritsa kapepala ka aluminiyamu kokulungira chakudya, koma aluminiyamu amadutsitsa magetsi, ndiye pafupi ndi soketi kapena mawaya asayandikire. Apa chanzeru ndi kupempha wosamalira chipinda kuti aitane wamagetsi wa m'sitima. Musamasule sikulu iliyonse nokha.

Kudenga kuli zinthu zina zoyera zozungulira zofanana ndi kadiso, ndipo izi musazikhudze ngakhale pang'ono: chozindikira utsi, chomwe nthawi zambiri chimaphethira kagetsi kofiira kapena kobiriwira, kampopi kowaza madzi moto ukabuka, ndi sipika yolengezera za ngozi. Panyanja palibe choopsa kuposa moto, ndipo kuphimba zimenezi ndi mlandu umene ungakutsitseni padoko lotsatira. Musapachike ngakhale hang'ala pa kampopi kaja, kagalasi kake kakasweka chipinda chonse chimasamba. Chimodzimodzi, musaphimbe getsi lenilenilo ndi sokosi kapena chitenje. Ngakhale a LED amatentha kumbuyo kwake. Makandulo ndi mankhwala ofukiza a udzudzu, amene kwathu ndi a tsiku ndi tsiku magetsi akazima, m'sitima ndi oletsedwa ndipo amalandidwa pofufuza katundu.

Ngati mwasankha kutseka diso lonse, konzani kuwala kwina. Tochi ya pamutu imene anthu amakwera nayo ku Sapitwa ndi yabwino, makamaka yokhala ndi kuwala kofiira, chifukwa kufiira sikuthamangitsa tulo ngati kuyera. Makoma a zipinda zambiri ndi achitsulo, choncho kambedza ka maginito kamakakamira pakhoma pafupi ndi pilo, tochi n'kukhala pamalo amodzi usiku uliwonse. Swichi ya bafa kawirikawiri ili kunja kwa chitseko, ndiye mukayatsa chitseko chili chotsegula mwadzutsa onse. Yatsani chili chotseka, tsegulani pang'ono polowa, ndipo potuluka mubweze chitseko msanga. Kagetsi kochajitsa nako n'kothandiza, koma kumbukirani kuti pulagi yathu ya mano atatu a makona siilowa m'masoketi a m'sitima, omwe amakhala a ku Ulaya a mabowo awiri ozungulira kapena a ku America. Adaputala mugule musanakwere. Chingwe chowonjezera masoketi chokhala ndi choteteza ku mphamvu yochuluka ya magetsi ambiri salola.

Zotsala ndi zazing'ono. Kuwala kwa m'khonde kolowa pansi pa chitseko kumatha ndi thaulo lokulunga. Kagetsi ka pa TV ndi ka pa foni ya m'chipinda kamatha ndi kachidutswa ka tepi yomwe ija. Ngati muli ndi zenera, dziwani kuti mu Disembala ku Durban dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, ndipo mapegi awiri oyanikira zovala amatseka mpata wa pakati pa makatani.

Muuzeni wosamalira chipinda kuti tepiyo mwaika dala, apo ayi aichotsa pokonza m'mawa, inu n'kudzazindikira pakati pa usiku. Ngati getsi la m'wodilopu lilibe swichi ina, tepi yake muzichotsa kukacha n'kuimata m'mphepete mwa galasi, kuti madzulo muipeze pafupi. Usiku womaliza masutikesi amatulutsidwa m'khonde anthu asanagone, choncho tochi ndi tepi zisalowe m'sutikesi. M'mawa wotsika, kokani tepi pang'onopang'ono kuyambira pa ngodya yopinda ija, ndipo ngati patsala ulimbo, pukutani ndi kansalu konyowa ndi sopo pang'ono, osati ndi chikhadabo, chifukwa timizere ta pa kadiso tikakandika kamayamba kuona molakwika.