Ndakatulo za Bonnie Parker zandisowetsa tulo

Usiku wathawu ndinagona mochedwa chifukwa cha ndakatulo za Bonnie Parker, uja amayenda ndi chigawenga Clyde Barrow nkumaba ndi mfuti ku America nthawi imene chuma chinagweratu m'ma 1930. Ine ndimangodziwa chithunzi chake chija ali ndi ndudu yaikulu kukamwa, mfuti m'manja, mwendo pa bampala ya galimoto, ndiye ndimangoti ameneyu anali wouma mtima basi. Zoti amalemba sindimadziwa olo pang'ono.

Anabadwa mu 1910 ku Rowena, Texas, bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 4 kenako mayi ake anasamukira ku Cement City kufupi ndi Dallas. Anakwatiwa ndi Roy Thornton mu 1926 asanakwanitse zaka 16, banja lake silinayende, ndipo pambuyo pake amagwira ntchito yoperekera zakudya mu lesitilanti, analembaponso dayale yodzaza ndi kusungulumwa komanso zokonda mafilimu. Clyde anakumana naye mu 1930.

Mu 1932 Bonnie atatsekeredwa m'ndende ya ku Kaufman County, Texas, ndi pamene analemba ndakatulo zambiri, imodzi ndi The Story of Suicide Sal, ya mtsikana wakumudzi amene anagwa m'chikondi ndi chigawenga, nkukalowa m'ndende chifukwa cha mwamunayo, iye nkumusiya. Ukamawerenga umachita kudabwa kuti kodi munthuyu amaona kumene akupita nkumapitabe? Pa 13 April 1933 apolisi anawapeza ku Joplin, Missouri, kunawomberana, apolisi awiri anafa, gululo pothawa linasiya ndakatuloyi pamodzi ndi mafilimu a kamera, ndiye manyuzipepala anangotola zonsezo nkusindikiza. Chithunzi cha ndudu chija amangosewera pojambulitsa, koma dziko lonse linamudziwa choncho mpaka lero.

Imene yandigwira kwambiri ndi yomaliza ija, The Trail's End, anapatsa mayi ake Emma kutatsala masabata ochepa kuti afe. Mmenemo akudandaula kuti mlandu uliwonse apolisi akasowa wolakwa amangowakankhira iwowa, akunenanso poyera kuti tsiku lina adzafera limodzi ndipo adzaikidwa moyandikana. Apatu ndi pamene ndinayamba kumumvera chisoni, mwendo unali utapsa koopsa pa ngozi ya galimoto ya mu June 1933, akuyenda movutikira, akugona m'galimoto, koma akukhalabe pansi nkumasanja mizere kuti izimveka bwino. Komano ndinadzifunsa, nanga anthu anaphedwawo? Gululi linapha apolisi osachepera 9 kuphatikizaponso anthu wamba, iwowo anali ndi azikazi awo ndi ana, koma mu ndakatulomo ovutika ndi Bonnie ndi Clyde basi. Mtsikanayu amadziwa kudzikonzera mbiri, ndipo ine anatsala pang'ono kundipusitsa, mwinanso anandipusitsa kumene chifukwa ndinaibwereza katatu.

Pa 23 May 1934 wapolisi Frank Hamer ndi anzake asanu anawabisalira pamsewu kufupi ndi Gibsland, Louisiana, nkuwombera Ford V8 yawo mpaka inachita mabowo okhaokha. Bonnie anali ndi zaka 23. Zoikidwa moyandikana zija mayi ake anakana, aliyense ali kumanda kwake ku Dallas, ndipo pachala chake anamupeza atavalabe mphete ya Roy Thornton.